Fulu ndi Nkhono Si Pachibale

Pamsika wa Kapata, kapenta ndi inswa zimagulitsidwa moyandikana, koma si za gulu limodzi. Kapenta, ngakhale achepe chotani, ali ndi fupa la msana monga mbuzi, nkhuku, chule ndi njoka, inswa zilibe. Chigoba nacho chisatinyenge: fulu ali nalo fupalo, nkhono ilibe.

Kwa ife alimi, nkhaniyi imathera kumunda. Mbozi zowononga chimanga, zimene zinafika m'Zambia kumapeto kwa 2016, n'zopanda msana, chimodzimodzinso njuchi zobereketsa maungu ndi mpendadzuwa. Mankhwala ambiri ophera mbozi sasiyanitsa ziwirizi. Tikapopera m'mawa, maluwa a maungu atatseguka, njuchi zimafera limodzi ndi mdani. Pamalo athu ano timadikira madzulo, njuchi zitabwerera kumng'oma, mbozi zikutuluka kudzadya.