Kodi Akufa Athu Ali Kuti? Chiyembekezo cha Kumwamba ndi Dziko Latsopano

Mwezi wa Novembala ukafika, Eklezia Katolika amatikumbutsa za abale athu amene adatisiya. Pa 1 Novembala timachita chaka cha Oyera Onse, ndipo pa 2 Novembala timapempherera akhristu onse omwalira. M'maparishi ambiri akhristu amapita kumanda kukalambula, ndipo ansembe amadalitsa manda. Pamenepo m'mitima ya ambiri mumabuka mafunso: Kodi mayi anga amene tidawaika pano ali kuti tsopano? Kodi ndidzawaonanso?

Mafunso amenewa amagwera makamaka akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, popeza ndiwo amene kawirikawiri amatsogolera mwambo wa maliro ansembe akakhala kutali. Kuwauza anamfedwa kuti malemu apita kukapumula n'kosavuta, koma chikhulupiriro chathu sichithera pamenepo. Mulungu sadalonjeze kupulumutsa mzimu wokha, thupi ndi dziko n'kutayidwa ngati madeya. Iye adzaukitsa munthu wathunthu, ndipo adzakonzanso chilengedwe chonse.

Kumwamba n'chiyani?

Kumwamba si malo a kuseri kwa mitambo oti ndege ingathe kufikako. Kumwamba ndiko kukhala ndi Mulungu mpaka muyaya, kumuona maso ndi maso, pamodzi ndi Maria Virigo, angelo ndi oyera onse. M'chaka cha 1336 Papa Benedict XII adalongosola kuti mizimu ya anthu olungama, ikayeretsedwa kwathunthu, imaona Mulungu nthawi yomweyo popanda kudikira tsiku lomaliza. Mu kalata yake ya 2007 yotchedwa Spe Salvi, Papa Benedict XVI adaonjeza kuti moyo wosatha tisauganizire ngati masiku ongotsatizana osafika pamapeto, chifukwa moyo wotero ungatitopetse. Iye adauyerekeza ndi kumizidwa m'nyanja ya chikondi chopanda malire.

Munthu akangomwalira amaweruzidwa payekha. Ena amalowa kumwamba, ena amayamba ayeretsedwa mu Purigatorio, ndipo amene adakaniratu chikondi cha Mulungu mpaka imfa amadzipatula okha kwa Iye kwamuyaya. Ife sitidziwa zimene zidachitika pakati pa munthu ndi Mulungu wake pa mphindi yomaliza. N'chifukwa chake pamaliro sitigamula kuti uje ali kumwamba kapena kumoto. Chathu n'kumupempherera, kumuperekera Misa ndi kumuika m'manja mwa Mulungu wachifundo. Imfa siidula chibale cha anthu obatizidwa. Ife timawapempherera, ndipo amene ali kwa Mulungu amatipemphereranso.

Thupi nalonso lidzauka

Maziko a chiphunzitso ichi ndi Ambuye Yesu mwini. Pa tsiku la Pasaka manda adapezeka opanda kanthu. Luka Woyera, m'mutu 24, akusimba kuti Yesu wouka kwa akufa adadya nsomba pamaso pa ophunzira ake, ndipo Yohane Woyera, m'mutu 20, akusimba kuti adaonetsa Tomasi mabala ake. Lidali thupi lomwe lija lidapachikidwa pa mtanda, koma tsopano laulemerero, losamvanso ululu ndi losafanso.

Akhristu a ku Korinto adafunsa kuti akufa adzauka ndi thupi lotani. M'mutu 15 wa kalata yake yoyamba kwa iwo, Paulo Woyera adawayankha ndi chitsanzo cha mbewu. Mlimi aliyense angamvetse zimenezi, makamaka nyengo ino imene tikudikira mvula yobzalira. Njere ya chimanga imene taikwirira pa phando imaoneka ngati yatayika, koma chimene chimamera ndi chimanga chomwecho, ngakhale phesi ndi ngayaye sizifanana ndi njere ija. Momwemonso thupi limene timaika m'manda ndi lomwelo lidzauke, koma losandulika. Msonkhano wa maepiskopi wa Lateran wachinayi, m'chaka cha 1215, udatsimikiza kuti anthu onse adzauka ndi matupi awo omwe ali nawo tsopano. Ndipo pa 1 Novembala 1950 Papa Pius XII adalengeza kuti Amayi Maria adatengedwa kunka kumwamba ndi thupi ndi mzimu womwe. Zimene ife tikudikira, mwa iwo zidachitika kale.

Apa ndi pamene pagona tanthauzo la miyambo yathu ya maliro. Bokosi timaliwaza madzi odalitsidwa pokumbukira Ubatizo, ndipo timalifukiza lubani chifukwa thupi limene lili m'menemo lidadzozedwa mafuta oyera, lidalandira Ukaristia, ndipo lidali nyumba ya Mzimu Woyera.

Nanga amene matupi awo sadapezeke?

Funso ili lidakula kwambiri m'dziko muno m'mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'mapiri ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Anthu mazanamazana adafa, ndipo ambiri matupi awo sadaoneke. Mabanja ena alibe ngakhale mtumbira woti akaikepo maluwa. Chimodzimodzinso mabanja a asodzi amene adamira m'nyanja.

Eklezia adakumana ndi funso lomweli kuyambira kalekale. M'chaka cha 177, mumzinda wa Lyon, m'dziko limene lero ndi France, ozunza akhristu adatentha mitembo ya amaritiri n'kutaya phulusa lake mumtsinje wa Rhône, pofuna kunyoza chikhulupiriro chawo cha kuuka kwa akufa. Kuno ku Africa, pa 3 Juni 1886, Charles Lwanga ndi anzake adatenthedwa ku Namugongo m'dziko la Uganda. Komabe palibe mkhristu amene amakayika kuti amaritiri amenewa adzauka. Mulungu amene adalenga munthu popanda womuthandiza sangasowe pomupeza. Manda ndi ulemu umene ife timapereka kwa omwalira, koma kuuka kwawo kuli m'mphamvu ya Mulungu. Choncho banja limene silidaike m'bale wawo lisataye mtima, ndipo lili ndi ufulu wonse womuperekera Misa monga wina aliyense.

Dziko latsopano

Ngati thupi lidzauka, ndiye kuti dziko limene thupilo lidachokera silidaiwalike. Mneneri Yesaya m'mutu 65 ndi Petro Woyera m'kalata yake yachiwiri akunena za kumwamba kwatsopano ndi dziko latsopano. Paulo Woyera, m'mutu 8 wa kalata yake kwa Aroma, akufanizira chilengedwe chonse ndi mayi amene ali m'zowawa za kubala, kudikira kumasulidwa pamodzi ndi ana a Mulungu. M'mitu iwiri yomaliza ya Chivumbulutso, mzinda woyera ndiwo ukutsika kuchokera kwa Mulungu, ndipo Iye akudzakhala pakati pa anthu ake. Mumzindamo muli mtsinje ndi mtengo wa moyo, koma mulibe imfa kapena kulira. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa 1992 akufotokoza zimenezi m'ndime 1042 mpaka 1050. Tsiku lake ndi m'mene zidzachitikire, Mulungu yekha ndiye adziwa, ndipo aliyense amene amatchula tsiku la kutha kwa dziko akunamiza anthu.

Ena amati, popeza dziko lino n'lakutha, palibe chifukwa cholisamalira. Msonkhano wa Vatikano Wachiwiri, m'chikalata chake cha 1965 chotchedwa Gaudium et Spes, udakana maganizo amenewa. Udaphunzitsa kuti kuyembekezera dziko latsopano kuyenera kutilimbikitsa kusamala dziko lino, ndiponso kuti zabwino zonse zimene tachita pano, monga chilungamo, ubale ndi kulemekeza munthu, tidzazipezanso zitayeretsedwa mu Ufumu wa Mulungu. Papa Francis adabwerezanso mfundo imeneyi m'chaka cha 2015 mu kalata yake ya Laudato Si'.

M'midzi yambiri lero mitengo yachilengedwe yatsala kumanda kokha, pamene mapiri ayera mbee chifukwa cha makala ndi nkhuni. Makolo athu adadziwa kuti malo ogona akufa ndi oyenera ulemu. Mkhristu adziwenso kuti munda, dambo ndi phiri nazonso ndi za Mulungu, ndipo Iye ali nazo cholinga.

Mawu kwa akatekisiti

Mukaima pa siwa kapena kumanda, musaletse anamfedwa kulira, pakuti Ambuye Yesu nawonso adalira pa manda a Lazaro. Musasandutse ulaliki kukhala bwalo loweruzira malemu, ngakhale moyo wawo udali wotani. Lalikani za Khristu amene adauka kwa akufa, ndipo tchulani momveka kuti thupi limene likuikidwalo lidzauka. Pakabuka mawu olozana zala kuti wina ndiye wapha malemu, akumbutseni anthu kuti chiweruzo ndi cha Mulungu. Maliro akatha, mphakati usaiwale amasiye ndi ana awo, chifukwa anthu amakhulupirira mosavuta za dziko lopanda misozi akaona akhristu akupukutana misozi pansi pano.

Mwezi uno, banja lililonse lipereke Misa ya abale ake omwalira, likayendere manda awo, ndipo mvula ikagwa libzale mtengo ngakhale umodzi. Mulungu awalandire akufa athu m'kuwala kwake, ndipo ife otsala atilimbitse m'chiyembekezo mpaka tsiku limene tidzauke pamodzi nawo.