Biathlon: masewero omwe ukaphonya umalipira pomwepo

Pa 15 February 2022, ku Zhangjiakou m'dziko la China, Eduard Latypov wa ku Russia adalowa m'bwalo lowomberamo mfuti ali yekhayekha patsogolo. Udali mpikisano wopatsirana wa amuna pa masewero a Olimpiki a nyengo yachisanu, ndipo anzake atatu adali atamusiyira mpata waukulu. Chidatsala n'kulasa madontho akuda asanu ali chiimire, kenako kuthamanga makilomita awiri ndi theka kukatenga mendulo ya golide.

Mwa zipolopolo zisanu ndi zitatu zomwe malamulo amalola, zitatu zokha ndi zomwe zidalasa. Madontho awiri adatsala ali bii, ndipo Latypov adakhotera kukazungulira kawiri bwalo la chilango. Vetle Sjåstad Christiansen wa ku Norway adalasa onse asanu n'kudutsa. Timu ya Norway, yomwe pakati pa mpikisanowo idatsalira ndi nthawi yoposa mphindi imodzi ndi theka, idatenga golide. France idakhala yachiwiri, Russia yachitatu.

Awa ndiwo masewero a biathlon, omwe amakopa anthu miyandamiyanda ku Norway, Germany, France, Sweden ndi Italy. Amaphatikiza zinthu ziwiri zosamwerana madzi: liwiro ndi kudekha. Wosewera amavala kumapazi timatabwa tiwiri tatitali totchedwa ski, n'kumatsetsereka pa chipale chofewa uku akudzikankha ndi ndodo ziwiri. Njira yake imakwera zitunda ndi kutsika zigwa. Kumsana amabereka mfuti yolemera makilogalamu osachepera atatu ndi theka, ndipo akathamanga ndime imodzi amaima n'kuwombera.

Gwero lake ndi usilikali. Kale m'chaka cha 1767, asilikali olondera malire a Norway ndi Sweden ankapikisana kuthamanga pa ski ndi kuwombera. Mpikisano woyamba wa akatswiri a dziko lonse udachitikira ku Saalfelden m'dziko la Austria mu 1958, ndipo mu 1960 masewerowa adalowa mu Olimpiki ku Squaw Valley, ku America. Amayi adadikira mpaka 1992, ku Albertville m'dziko la France, kuti nawo apikisane pa Olimpiki.

Kuti timvetse zomwe zidamuonekera Latypov, tione kaye bwalo lowomberamo. Chandamale chimakhala pamtunda wa mamita 50, pafupifupi theka la bwalo la mpira wamiyendo. Powombera chogona chafufumimba, malo oyenera kulasa ndi masentimita 4.5 m'mimba mwake, kukula ngati dzira la nkhuku. Powombera chiimire ndi masentimita 11.5, ngati chimbale cha CD. Chipolopolo chikalasa, dontho lakuda limatsekeka n'kuoneka loyera, moti oonerera amadziwa nthawi yomweyo.

Munthu wopuma bwino akhoza kulasa zimenezi ataphunzira. Koma wosewera biathlon amafika ali wefuwefu, mtima ukugunda pafupifupi ka 180 pamphindi, miyendo ikunjenjemera, zala zitauma ndi chisanu. Mtima ukagunda, nsonga ya mfuti imadumpha. Choncho akamayandikira bwalolo amachepetsako liwiro, kuyang'ana timbendera toonetsa komwe mphepo ikulowera, kutulutsa mpweya pang'ono, kuugwira, n'kuwombera. Akatswiri amamaliza zipolopolo zisanu m'masekondi osakwana 30. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kuno uyenera kudekha wotchi ikuyenda, mnzako akuwombera pambali pako, khamu la anthu likukuwa kumbuyo.

Ukaphonya, mlandu wake sugona. M'mipikisano yambiri, dontho lililonse lotsala limatanthauza kuzungulira kamodzi bwalo la chilango la mamita 150, zomwe zimadya masekondi oposa 20. Mumpikisano wautali kwambiri, wa makilomita 20 kwa amuna ndi 15 kwa amayi, kuphonya kamodzi kumawonjezera mphindi yathunthu pa nthawi yako. Mumpikisano wopatsirana amakupatsa zipolopolo zitatu zapadera, koma uyenera kuziika m'mfuti ndi dzanja chimodzichimodzi, nthawi ikupita. Palibe woimbira mpira woti ukangane naye, palibenso kunena kuti wandikondera. Dontho layera kapena ladabe, basi.

N'chifukwa chake amene amapambana kawirikawiri amapatsidwa ulemu waukulu. Ole Einar Bjørndalen wa ku Norway adapata mamendulo 14 a Olimpiki, 8 mwa iwo a golide, ndipo ku Salt Lake City mu 2002 adasesa golide m'mipikisano yonse inayi. Martin Fourcade wa ku France adatenga chikho cha World Cup kasanu ndi kawiri motsatizana, kuchokera 2012 mpaka 2018. Johannes Thingnes Bø, yemwe adathamanga ndime yachitatu tsiku lija ku Zhangjiakou, adapuma mu March 2025 ali ndi mamendulo a golide 23 a mpikisano wa akatswiri a dziko lonse, kuposa 20 a Bjørndalen.

Chikho cha World Cup amachilimbirana kuyambira kumapeto kwa November mpaka March, m'malo ngati Oberhof ndi Ruhpolding ku Germany, Antholz ku Italy ndi Holmenkollen ku Oslo. Mu March 2025, Lou Jeanmonnot wa ku France adalowa mumpikisano womaliza akutsogola ndi mapointi asanu okha pamwamba pa Franziska Preuß wa ku Germany. Adachoka limodzi powombera komaliza, koma pokhota pafupi ndi pomalizira Jeanmonnot adagwa. Preuß adapambana n'kutenga chikho, ndipo asanayambe kukondwera adapita kukamukumbatira mnzakeyo. Ntchito ya miyezi inayi idathera pa gulaye mmodzi.

Komatu chilungamo choonekera pabwalochi chidali ndi mbali ina yobisika. Tsiku lija ku China, Latypov ndi anzake sadaloledwe kugwiritsa ntchito mbendera ya dziko lawo, chifukwa Russia idali pachilango kaamba ka chinyengo cha mankhwala oletsedwa owonjezera mphamvu. M'masewero ofuna mpweya wambiri ngati awa, mankhwala otere amamupatsa munthu mphamvu zokwerera zitunda n'kufika powombera asanatheretu.

Nkhani yodziwika ndi ya mpikisano wopatsirana wa ku Sochi mu 2014, pomwe Russia idaposa Germany ndi masekondi atatu ndi theka okha. Mu 2020, mmodzi mwa anayi a timuyo, Evgeny Ustyugov, adapezeka wolakwa pa mlandu wa mankhwala oletsedwa, potengera zomwe zidapezeka m'makompyuta a labotale ya ku Moscow. Iye adakana n'kuchita apilo, ndipo mlanduwo udayenda m'makhothi mpaka 2025. Apa m'pamene golide adapita kwa Erik Lesser, Daniel Böhm, Arnd Peiffer ndi Simon Schempp a ku Germany. Zaka 11 zidali zitadutsa, ndipo onse anayi adali atasiya kale kusewera. Mendulo adaipeza, koma chimwemwe cha tsikulo palibe angawabwezere.

Nsomba imayamba kuwola kumutu. Anders Besseberg wa ku Norway adatsogolera bungwe loyendetsa masewerowa la International Biathlon Union kuyambira pomwe lidakhazikitsidwa mu 1993. Mu April 2018 apolisi a ku Austria adachita chipikisheni kulikulu la bungweli, ndipo iye adachoka pampando. Mu April 2024 khothi la ku Norway lidamupeza wolakwa pa milandu ya katangale, kuphatikizapo kulandira mawotchi odula ndi maulendo okasaka nyama, n'kumugamula kukakhala kundende zaka zitatu ndi mwezi umodzi. Lipoti la akatswiri odziimira paokha lomwe lidatuluka mu 2021 lidati ankateteza zofuna za Russia. Pofuna kubwezeretsa chikhulupiriro, mu 2019 bungweli lidakhazikitsa nthambi yapadera, Biathlon Integrity Unit, yofufuza milandu popanda atsogoleri kulowererapo.

Anthu amaima maola ambiri m'chisanu ku Ruhpolding kapena ku Holmenkollen chifukwa amakhulupirira kuti zomwe akuona ndi zenizeni: katswiri ndi wongoyamba kumene amalipira mtengo wofanana akaphonya. Wosewera wophonya dontho limodzi amalangidwa pasanathe mphindi, dziko lonse likuona. Wobera ndi mankhwala adasunga mendulo zaka zoposa khumi, ndipo mkulu wolandira ziphuphu adakhala pampando zaka 25. Ntchito ya atsogoleri atsopano ndi kufupikitsa mtunda umenewu, kuti chilango cha m'maofesi ndi m'malabotale chizifika msanga ngati cha pabwalo. Akalephera, madontho aziyerabe, koma oonerera adzaleka kukhulupirira zomwe maso awo akuona.