Tchalitchi cha ku Msoro: zimene timanena ndi zimene zidachitika

Kuno kwa Kapichila, ku Lundazi, munthu ukatchula mpingo wakale, anthu amaganiza za CCAP ya ku Chasefu kapena Akatolika a ku Lumezi. Anglikani timaiona ngati mpingo wa m'tauni, wa anthu a ku Lusaka ndi ku migodi, womwe azungu adabwera nawo kuti azipempheramo okha. Mbiri ya tchalitchi cha St Luke's ku Msoro, m'boma la Mambwe, imanena zina.

Amene adatsegula mishoni ya Msoro sanali mzungu ayi. Anali Leonard Kamungu, Mchewa wa ku Chia, kufupi ndi Nkhotakota. Adaphunzira ku Kiungani pa chilumba cha Zanzibar, adadzozedwa udikoni mu 1902, unsembe mu 1909. Bishopu John Hine atayamba dayosizi ya Northern Rhodesia mu 1910, Kamungu ndiye adatumidwa kwa Akunda a m'chigwa cha Luangwa. Taganizirani malowo mwezi wa Okutobala: dothi lotentha mpaka kuwotcha mapazi, kashembe akuluma pamsana, sukulu za m'midzi zofika wapansi basi. Munthuyu adasiya nyanja ya kwawo, nsomba ndi mpunga, n'kukakhala kumeneko, kuphunzitsa anthu kuwerenga ndi kuwakonzekeretsa ubatizo. Adamwalira ku Msoro komweko mu February 1913, atatumikirako zaka ziwiri zokha. Zimandiwawa kuti akatchulidwa, ambiri amathamangira mphekesera yoti adamuthira mankhwala m'chakudya, n'kuiwala sukulu ndi mpingo umene adausiya uli chiimire.

Ena amati Anglikani idabwera ndi David Livingstone. Livingstone sanali wa mpingowu. Adabwera ku Africa pansi pa London Missionary Society. Chimene adachita n'kulankhula ku Cambridge mu 1857, ndipo mawu akewo ndiwo adadzutsa bungwe la amishoni a Anglikani la UMCA. Bungweli lidayesa ku Magomero mu 1861, koma Bishopu Charles Mackenzie adafa ndi malungo chaka chotsatira. Lidasamukira ku Zanzibar, kenaka lidadzakhazikika pa Likoma mu 1885. Njira yofika ku Msoro idadzera kunyanja, pakamwa pa anthu olankhula Chinyanja.

"Aja ndi Aroma omwewo," amatero ena akaona mikanjo, lubani ndi wansembe wotchedwa Bambo. Kufananaku kulipodi, chifukwa a UMCA ankakonda mapembedzedwe amwambo wotero. Koma Anglikani sili pansi pa Papa, ndipo ansembe ake amaloledwa kukwatira.

Chisokonezo chomwechi chimafika pa chipatala cha St Francis ku Katete, kumene ambiri a ife tidagonekako m'bale wathu, tikuphika nsima panja podikira. Dzinalo limapangitsa anthu kuganiza kuti n'cha Akatolika okha. Adachiyambitsa ndi a Anglikani mu 1948, ndipo pambuyo pake mipingo iwiriyi idagwirizana kuchiyendetsa limodzi, chinthu chimene ine ndimachilemekeza kwambiri.

Palinso ganizo loti tchalitchi chachikulu cha bishopu chiyenera kukhala mumzinda, ndiye anthu amachifunafuna ku Chipata. Dayosizi ya Eastern Zambia itakhazikitsidwa mu 1995, bishopu woyamba anali John Osmers, wobadwira ku New Zealand, yemwe adaduka dzanja ndi bomba lotumizidwa m'phukusi ku Lesotho mu 1979 chifukwa chotsutsa tsankho la ku South Africa. Adamulowa m'malo ndi William Mchombo. Ofesi zili ku Chipata, inde, koma mpando wa bishopu uli mu St Luke's ku Msoro, kumudzi, komwe msewu wake umavuta dzinja likafika pachimake.

Ana athu a kwa Kapichila amaloweza dzina la Livingstone kusukulu. Ndikadakonda aphunzitsi awonjezepo la Kamungu, pakuti kuchokera ku Lundazi kupita ku Msoro ndi ulendo wa m'chigawo chathu chomwechino.