Ulendo wokagula njinga yamoto yakufa m'minda ya tiyi ku Thyolo

Njinga yamoto ya achimwene anga, Lifo yofiira imene amachitira kabaza pa Bvumbwe, inazima Lachiwiri lina mu February ali ndi kasitomala kumbuyo. Makaniko atamasula injini anangopukusa mutu. Pisitoni inali itapsa, buloko itakandika, kabyuleta nayo inali itatopa kalekale. Atawerengera mtengo wa masipeya atsopano ku Limbe, achimwene anakhala chete nthawi yaitali. Njinga imeneyi ndi imene imalipira lendi, fizi ya ana awiri komanso mankhwala a BP a mayi athu. Ikagona tsiku limodzi, poto nayenso amagona.

Nzeru inachokera kwa makaniko yemweyo. "Sakani inzake yakufa ya mtundu womwewu, tichotsemo zamoyo," anatero.

Anyamata ambiri a kabaza akupulumukira njira imeneyi masiku ano. Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo. Njinga za kabaza ngati Lifo, Sanlg ndi Kinglion zimapangidwa ku China, Boxer ndi ya ku India, ndipo masipeya ake onse amagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe zikusowazi. Njinga imodzi yakufa ikhoza kukupatsa injini, matayala, tcheni, mashoko ndi thanki pa mtengo umene kusitolo ungangogulira zinthu ziwiri kapena zitatu.

Poti ine ndi amene ndimakhalira pa foni, ntchito yosaka inagwera ine. Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp ogulitsana katundu, njinga zophwasula zilipo mbwee. Yoyamba kutikopa inali yotchipa modabwitsa. Mwini wake anafuna kuti titumize kaye theka la ndalama pa Airtel Money. Tinakana, tinati tiione kaye ndi maso. Tinakumana naye madzulo kuseri kwa golosale pamalo ena ochitira malonda. Injini inali yabwinobwino, yoti ukanaiponda ikanalira. Koma achimwene atagwada n'kuwalitsa tochi ya foni pansi pa injini, pamalo polembedwa nambala panali posalala, popalidwa ndi chopukusira zitsulo. Pakhosi pa felemu, pomwe pamakhala nambala ya chasisi, anapakapo penti yakuda yatsopano.

"Risiti ilipo, aise?" achimwene anafunsa.

"Inanyowa ndi mvula, bigi. Inu tengani katundu, mafunso achani?"

Achimwene anadzuka, n'kusasa fumbi m'mawondo, n'kundiuza kuti tizipita. M'minibasi ine ndinadandaula kuti tasiya mwayi. Anandiyankha motsitsa mawu. Anandikumbutsa za mnzawo wa pa siteji amene anatengedwa ndi kasitomala usiku, n'kukapezeka m'mawa m'mphepete mwa munda wa tiyi atakhapidwa, njinga palibe. Anapulumuka, koma mkono wake sugwiranso ntchito. "Njinga yake sinapezeke. Ukuganiza inapita kuti? Anaiphwasula, ndipo anagula masipeyawo ndi ife tomwe a kabaza," anatero.

Mawu amenewo anandikhala pamtima. Wakuba njinga yamoto sayenda nayo yathunthu nthawi yaitali, chifukwa mwini wake ndi anzake amaidziwa. Akaiphwasula, tayala limapita ku Luchenza, injini ku Ndirande, thanki kwina, basi nkhani yathera pomwepo. Amene amapangitsa kuti bizinesi imeneyi iziyenda ndi wogula wosafunsa. Ndipo malamulo a dziko lino samusiya: kulandira kapena kusunga katundu amene ukudziwa, kapena uli ndi chifukwa chokhulupirira, kuti ndi wakuba ndi mlandu woti munthu amakalowa nawo kundende.

Njinga yachiwiri sinachokere pa intaneti. Mayi wina wogulitsa nthochi pamsika wa Bvumbwe ndi amene anatiuza za bambo wina wachikulire wa kufupi ndi Makwasa, amene anapuma ntchito ya ukapitawo pa esiteti ya tiyi. Anagula Lifo ndi ndalama zake zopumira, mwana wawo anagwa nayo m'ngalande felemu n'kupindika, ndipo kuyambira pamenepo inangokhala m'khonde.

Tinanyamuka Loweruka m'mamawa, atatu: ine, achimwene ndi makaniko. Amene sanayendepo msewu wa M2 kuchoka ku Limbe kudutsa pa Bvumbwe ndi Thunga kukafika pa boma la Thyolo sangamvetse mmene tiyi anatengera malo kuno. Satemwa, imene inayamba mu 1923, Conforzi, Naming'omba, Makandi, Nchima, minda yobiriwira yometedwa bwino mpaka m'munsi mwa phiri la Thyolo. February ndi nthawi yothyola kwambiri, ndiye m'minda munali anthu ndi madengu kumsana, mathirakitala akukoka ngolo zodzaza masamba kupita kufakitale. Midzi ya anthu inapanikizika m'mphepete mwa minda imeneyi, m'zitunda ndi m'zigwa, ndipo kumeneko minibasi sifika. Wodwala wopita ku chipatala cha Malamulo, mphunzitsi, wogulitsa nthochi, onse amadalira kabaza.

Pa boma tinakhotera mumsewu wa ku Makwasa ndi Thekerani, kenako tinasiya tala n'kulowa kamsewu kadothi lofiira pakati pa tiyi. Bambo aja tinawapeza atatidikira ndi kaenvelopu m'manja. Munali risiti ya kusitolo kumene anagula njingayo, yachikasu ndi ukalamba koma yowerengeka. Makaniko anapukuta dothi pa injini ndi pa felemu, ine ndikuwerenga manambala mokweza. Onse anagwirizana ndi a pa risiti. Kenako anamasula pulagi, anaponda kiki kuti amve ngati injini ikuzungulira komanso ngati ili ndi mpweya, anatulutsa oyilo pang'ono n'kumutikita pakati pa zala kufufuza tizitsulo. "Iyi yangogona, sinafe," anatero.

Titamvana mtengo, bambowo anati, "Ana anga, tisapatsane ndalama pano ngati tikugulitsana nkhuku. Tiyeni kwa amfumu." Kumeneko ndinalemba kalata yogulitsana, makope awiri: tsiku, mtundu wa njinga, nambala ya injini, nambala ya chasisi, mtengo, maina ndi manambala a ziphaso za unzika za wogula ndi wogulitsa. Mboni ziwiri zinasaina, amfumu anadinda chidindo. Ndinajambula zonse pa foni, kuphatikizapo njingayo ndi manambala ake. Zinatitengera ola limodzi lokha.

Chimene sitinachiganizire bwino chinali kanyamulidwe. Njinga yopindika felemu siyendetseka, ndipo kuikoka ndi chingwe kumbuyo kwa njinga ina, monga ena amachitira, n'kuputa ngozi m'zitsetso za ku Thyolo. Tinali titapangana ndi mkulu wina amene amanyamula nthochi pa kathirela ka matayala awiri kokokedwa ndi pikapu yakale. Pikapuyo inali itadzaza kale mikoko, ndiye malo athu anali pa thirela.

Tinatulutsa petulo yense m'thanki ndi kuchotsa batire. Tinatsamiritsa thabwa lolimba, anthu anayi n'kuikankhira pamwamba. Apa ndi pomwe tinalakwitsa. Chifukwa cha changu, poti mitambo inali itada, tinaimangirira ndi malegeni okhaokha, n'kuisiya chakumbuyo kwa thirela. Sitinayende ndi makilomita awiri omwe. Mvula inayamba, dothi lofiira lija linasanduka sopo, thirela inayamba kuvina uku ndi uku, ndipo pa bampu ina njinga inagwa cham'mbali. Thanki inaphwanyika mbali imodzi, chogwirira kilatchi chinathyoka. Zinthu ziwiri zimene tinali titalipira kale zinatha pomwepo.

Woyendetsa pikapu anatsika akuseka. Anati malegeni amatamuka, ndi abwino pomanga thumba la makala pa njinga yakapalasa, koma chitsulo cholemera kuposa matumba awiri a chimanga chimafuna chingwe chosatamuka. Tinamasula zonse tili chinyowere. Tinaikankhira kutsogolo mpaka tayala lakutsogolo linagunda thabwa la thirela, kuti kulemera kwambiri kukhale kutsogolo kwa matayala a thirelayo, chifukwa katundu akalemera kumbuyo ndi pamene thirela imavina. Tinaiika mu giya yoyamba. Zingwe ziwiri za nayiloni tinazimanga kumahandulo, china kumanja china kumanzere, n'kuzikoka mpaka mashoko akutsogolo anatsika pang'ono. Zina ziwiri zinagwira kumbuyo. M'mbali tinatsamiritsa matayala akutha. Mkuluyo anayang'ananso pini yolumikiza thirela ndi tcheni chake chachitetezo, n'kupukuta matope pa zonyezimira zakumbuyo. Titafika pa tala tinaimanso kukoka zingwe, chifukwa zimalefuka katundu akakhazikika.

Tisanafike pa Thunga apolisi anatiimitsa. Wapolisi anazungulira thirela, n'kufunsa funso limodzi: njingayi ndi ya ndani? Achimwene anatulutsa kalata ija ndi risiti. Anawerenga, anagwada kuyang'ana nambala ya injini, n'kutiuza kuti tizipita. Ndinaganiza za njinga yoyamba ija, yopalidwa manambala, ndi zimene tikanayankha pamalo amenewo.

Patatha masiku atatu Lifo ya achimwene inalira. Makaniko anasamutsa buloko, pisitoni, kabyuleta, tcheni ndi tayala lakumbuyo, koma chikombole cha injini chimene chili ndi nambala anasiya chakale. Anati njinga ikakhala yolembetsedwa ku Road Traffic, nambala ya injini imakhala mu blue book, ndiye ukasintha injini yonse uyenera kukawadziwitsa kuti mapepala agwirizane ndi chitsulo.

Zotsala zinali felemu yopindika ndi chikombole cha injini ya bambo aja. Sabata isanathe kunabwera mnyamata wina wosadziwika pa siteji. Sanafune tayala kapena shoko. Anafuna felemu yopindikayo, chikombole, risiti ndi kalata ya amfumu, ndipo anatchula ndalama yabwino ndithu. Ine poyamba sindinamvetse kuti munthu angalipire bwanji chitsulo chopanda ntchito. Achimwene anamvetsa msanga: manambala oyera ndi mapepala ake ndi zimene munthu wosunga njinga yakuba amasowa kuti aiveke dzina latsopano.

Anamukaniza. Madzulo ake anabwereka sowo yodulira zitsulo, anadula felemu ija pakhosi pomwe pali nambala, zotsalazo n'kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha pa sikelo. Kachidutswa ka nambala, chikombole ndi mapepala zili m'katoni pansi pa bedi lawo mpaka lero.