KALALIKI WATSOPANO AFUNA MAKIYI A OFESI

Amene anagwirako nchito m'maofesi kale adzakumbukira kuti bwana akafuna kalata ya caka catha, mesenjala ndiye anali kupita kukabati kukafukula mafaelo. Masiku ano maofesi ambiri amasunga makalata ndi mabuku a ndalama pa intaneti, m'makompyuta akuluakulu a makampani onga Google. Malo osungiramo zinthu amenewa acedwa cloud.

Pabweranso athandizi a AI, monga Claude, ChatGPT ndi Gemini, amene amayankha mafunso ndi kulemba makalata. Koma mthandizi wotere ali ngati kalaliki wanzeru amene waima kunja kwa citseko cokhoma. Za m'mafaelo anu sazidziwa kufikira wina atamtsegulira.

NJIRA YACE

Mu November 2024 kampani ya Anthropic inatulutsa Model Context Protocol, mwacidule MCP. Ili ndi pangano la kalankhulidwe pakati pa mthandizi wa AI ndi malo amene muli mafaelo. M'caka ca 2025 makampani a OpenAI ndi Google analandiranso panganoli.

Nayo Google iri ndi cida cochedwa Apps Script, cimene cinayamba mu 2009. Ndi cida cimeneci munthu amalemba malangizo aafupi m'cinenero ca makompyuta ca JavaScript, ouza Sheets, Docs, Drive kapena Gmail zocita. Akatswiri alemba malaibulale olumikiza ziwirizi. Laibulale pano si nyumba ya mabuku ai, koma mtolo wa malangizo olembedwa kale umene wina angabwereke, kuti asayambe yekha kuumba njerwa iriyonse.

Tiyerekeze kopaletivu ya alimi imene imalemba ngongole za feteleza mu Sheets. Wodziwa makompyuta alemba nchito ziwiri: kuwerenga mizere ya buku ndi kulemba kalata. Laibulale idziwitsa mthandizi kuti nchito zimenezi ziripo. Mlembi akafunsa kuti, "Ndi alimi ati amene sanabweze ngongole?" mthandizi aitana nchito yowerenga, malangizo aja atenga mizere yofunika, ndipo yankho libwera. Nchito iriyonse iyenera kukhala yaifupi, pakuti Google imaimitsa malangizo a Apps Script akapitirira mphindi 6.

CENJEZO

Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Malangizo amenewa angathe kugwira nchito ndi mphamvu zonse za mwini mafaelo. Ngati wowalemba asiya khomo lotseguka kwa aliyense, munthu wacilendo amene wapeza adiresi yace angawerenge mabuku a ofesi.

Ngozi yina ndi yobisika koposa. Wakuba angatumize kalata ya email yokhala ndi mau olamula mthandizi kutumiza mafaelo kwina, ndipo mthandizi powerenga kalatayo angamvere, poyesa kuti ndi lamulo la bwana. Mthandizi amalakwanso masamu nthawi zina, koma amayankha mopanda mantha ngati wanena zoona.

Palinso lamulo. M'dziko lathu, Data Protection Act ya 2021 imateteza mbiri ya munthu aliyense, ndipo imaika malire pa kusunga kapena kutumiza mbiri yotere kunja kwa Zambia. Maina a alimi, manambala a mareji ao ndi ngongole zao, zonsezi ndi mbiri ya anthu. Conco ofesi iyenera kufunsa bwino za lamuloli isanapereke mabuku ace kwa makina akunja.

Nanga ticite bwanji? Mthandizi apatsidwe faelo imene nchito yace ifuna, osati kabati yonse. Poyamba aloledwe kuwerenga cabe. Kutumiza kalata, kusintha ciwerengero kapena kufafaniza faelo kudikire cilolezo ca munthu. Buku la ndalama likasokonezeka, amene adzaima pamaso pa alimi pa msonkhano wa pacaka ndi mlembi ndi msungicuma, cifukwa ndiwo anapereka makiyi.