Mawere othithikana m'kati: zimene dzanja lanu silingakuuzeni

Amayi anzanga, mwezi wa Okutobala timasonkhana m'miphakati kupemphera Kolona. Mwezi womwewu dziko lonse limakumbutsana za khansa ya m'mawere. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti m'chaka cha 2022 amayi pafupifupi 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansayi, ndipo pafupifupi 670,000 anamwalira nayo. Lero ndikufuna tikambirane mbali ina ya nkhaniyi imene sitiitchula kawirikawiri, yomwe ndi kuthithikana kwa bere m'kati mwake.

Bere lanu lili ndi zinthu zitatu: mafuta, tiziwalo topanga mkaka pamodzi ndi njira zake, ndiponso minofu yomanga zonsezi pamodzi. Mafuta akachuluka, timati berelo si lothithikana. Tiziwalo ndi minofu zikachuluka kuposa mafuta, timati ndi lothithikana. Izi si matenda, ndi chibadwa. Sizitengera kukula kwa bere, ndipo simungazidziwe pogwira. Zimaoneka pokhapokha bere likajambulidwa ndi makina otchedwa mammogram. Madokotala amagawa mawere m'magulu anayi, kuyambira A, la mafuta okhaokha, mpaka D, lothithikana kwambiri. Ku America, kumene amayi ambiri amajambulidwa, pafupifupi theka la amayi a zaka 40 kupita m'tsogolo ali m'gulu C kapena D. Kuthithikana kumachepa mayi akamakula, makamaka akasiya kusamba.

Nanga vuto lili pati? Lili pawiri. Choyamba, pa chithunzi cha mammogram mafuta amaoneka akuda, koma minofu yothithikana imaoneka yoyera. Chotupa cha khansa nachonso chimaoneka choyera. Taganizirani kufunafuna kamwala koyera m'lichero la mpunga. Motero chotupa chikhoza kubisala, mayi n'kuuzidwa kuti ali bwino, koma pakapita miyezi n'kudzachimva yekha ndi dzanja. Chachiwiri, kuthithikanako pakokha kumakweza mpata wodwala khansa, mwina chifukwa chakuti khansa imayambira m'tiziwalo ta mkaka ndi njira zake, osati m'mafuta. Dokotala wina wa ku America, John Wolfe, analemba za mgwirizanowu m'chaka cha 1976, ndipo ofufuza ambiri atsimikiza zomwezo.

Dziwaninso kuti khansa ya m'mawere si ya mtundu umodzi. Ina imakula chifukwa cha mahomoni a mayi, ndipo imamva mapiritsi ngati tamoxifen, amene amamwedwa kwa zaka zisanu kapena kupitirira. Ina ili ndi chizindikiro chotchedwa HER2, imakula msanga koma ili ndi mankhwala akeake. Ina, yotchedwa triple negative, ilibe zizindikiro zonsezi, imathamanga, ndipo imapezeka kwambiri mwa amayi achikuda ndi amayi achichepere. Bere lothithikana likhoza kugwidwa ndi mtundu uliwonse. Nchifukwa chake adokotala amatapa kanyama ka chotupacho n'kukatumiza kukapimidwa. Popanda kutero sangadziwe mankhwala oyenera.

Pali mawu olimbitsa mtima. Kafukufuku wamkulu wa ku America wa mu 2012 anapeza kuti, mwa amayi amene anapezeka kale ndi khansa, a mawere othithikana sankamwalira kwambiri kuposa anzawo. Chimene chimalekanitsa moyo ndi imfa kwambiri ndi nthawi imene khansayo yapezeka, mtundu wake, ndi kumaliza chithandizo.

Apa ndiye nkhaniyi yafika pakhomo pathu. Kuno makina a mammogram ndi ochepa, ndipo ambiri mwa inu simudzauzidwa gulu la mawere anu. Chimene chikutipha ife ndi kuchedwa. Ndimakumbukira mayi wina wa zaka za m'ma 30 amene ndinamubereketsa. Anamva kambulu m'bere akuyamwitsa, anzake n'kumuuza kuti ndi mkaka woundana. Anathowa ndi madzi otentha, anapita kwa asing'anga, anabisira ngakhale mwamuna wake. Pomwe ankabwera kwa ife, mwana atayamba kale kuyenda, bere linali litaphulika chilonda. Sanakhalitse. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Tsono chitani izi. Kamodzi pa mwezi, patapita masiku ochepa mutamaliza kusamba, yang'anani mawere anu ndipo muwagwire mozungulira mpaka m'khwapa. Amene munasiya kusamba sankhani tsiku limodzi pa mwezi, kaya tsiku la msonkhano wa bungwe lathu. Pitani kuchipatala mukaona chotupa ngakhale chosapweteka, mwanabere m'khwapa, khungu lokhala ngati khoko la lalanje, nsonga ya bere yolowa m'kati, kapena magazi otuluka kunsonga. Chotupa cha mayi woyamwitsa chikakhala osasungunuka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, chionetsedwe. Zotupa zambiri si khansa, koma wonena zimenezo akhale wachipatala.

Mukapeza mwayi wa mammogram, funsani kuti, "Kodi mawere angawa ndi othithikana?" Ngati mukumva chotupa koma chithunzi sichinaonetse kanthu, musabwerere kunyumba mutangokhala chete. Pemphani sikani, yofanana ndi ija timaonera mwana m'mimba, chifukwa imatha kuona zotupa zina zimene zabisala. Mukatumizidwa ku Queen Elizabeth, ku Kamuzu Central, ku Zomba kapena ku Mzuzu, musazengereze. WHO imafuna kuti mayi adziwe zotsatira zake pasanathe masiku 60 chifikireni kuchipatala koyamba.

Amayi ambiri amalephera ulendowu chifukwa cha ndalama ya basi ndi mantha. Ife timadziwa kusonkha pa maliro. Pa msonkhano wanu wotsatira, kambiranani zosonkha kathumba ka mayendedwe, ndipo sankhani amayi awiri operekeza mnzathu wotumizidwa kutali. Pa 5 Febuluwale, tsiku la Agata Woyera, nkhoswe ya odwala mawere, itanani namwino wa chipatala chapafupi adzakupimeni nonse ikatha Misa.