Zida za Munthu Woyamba Kudzaza Yekha Zipolopolo

Mlenje wa ku America akaomba mfuti, kawirikawiri amawerama ndi kutola kachigoba kamkuwa kamene kagwa pansi, nakaponya m'thumba. Chipolopolo chili ndi zigawo zinayi: chigoba, onga, kachitsulo koyatsa moto kotchedwa primer, ndi njere imene imakalasa nyama. Mwa zinayizi, chigoba ndicho chimadya ndalama zambiri, ndiponso ndicho chokha chimatsala m'manja mfuti ikalira. Munthu wodziwa amachidzazanso kangapo chisanang'ambike. M'dziko limenelo lamulo limalola munthu kugwira ntchitoyi pakhomo pake, pamene m'maiko ambiri, kuphatikizapo Malawi, kupezeka ndi zipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu.

Alenje akale a mfuti ya gogodera ankathira onga pongoyeza ndi kachikho kapena pachikhatho, ndipo zinkawayendera. Onga wa masiku ano, wosafuka utsi, salola zotere. Bungwe la SAAMI, limene lidakhazikitsidwa mu 1926 kuti liziika miyezo ya mfuti ndi zipolopolo ku America, limalola chipolopolo cha .308 Winchester kukankha ndi mphamvu yofika mapaundi 62,000 pa malo a inchi imodzi mbali zonse. Mphamvu yonseyi imabadwira pafupi ndi tsaya la woombayo. Nchifukwa chake woyamba kumene ayenera kusankha zida zimene zingamuonetse cholakwa chake asanachilowetse m'mfuti, ngakhale zikhale zochedwetsa ntchito.

Choyamba kugula ndi buku. Makampani monga Lyman, Hornady, Speer ndi Sierra amasindikiza mabuku osonyeza mtundu wa onga ndi muyeso wake pa njere iliyonse, atayesa okha m'nyumba zawo zoyesera. Pa chipolopolo chilichonse amalemba muyeso woyambira ndi muyeso wosadumphika. Wophunzira amayamba ndi wapansiwo. Amene amangomvera za mnzake wa kumalo oombera, osaona m'buku, amaiwala kuti mitundu ina ya onga ili ndi maina ofanana koma kapsedwe kosiyana. Safunsa adadya phula.

Chachiwiri ndi sikelo. Onga amauyeza m'timiyeso totchedwa grain, ndipo timiyeso 7,000 ndito timakwana paundi imodzi, pamene gramu imodzi imaposa pang'ono timiyeso 15. Sikelo yabwino imazindikira gawo limodzi mwa magawo 10 a kamuyeso kamodzi. Yamagetsi imafulumira, koma imatha kusokera ndi kutentha kapena batire likafooka. Yamtanda, yokhala ndi kambale kolendewera, imachedwa koma sidalira magetsi. Iliyonse imene munthu angasankhe, agulenso timiyala toyesera sikeloyo, pakuti sikelo yonama siulula yokha.

Kenaka pamabwera makina opsinjira, amene amamangidwa pa thebulo lolimba ndipo amayenda ndi mkono wachitsulo. Alipo a mitundu itatu. Ena amagwira ntchito imodzi pa chigoba chimodzi. Ena ali ndi mutu wozungulira wonyamula zida zingapo. Ena, monga a kampani ya Dillon ya ku Arizona, amatulutsa chipolopolo chathunthu nthawi iliyonse mkono ukatsitsidwa. Otsirizawa ndi amene amakopa maso m'sitolo, komatu pa iwo zinthu zinayi kapena zisanu zimachitika nthawi imodzi, ndipo diso losazolowera silingaone kuti chigoba china chadutsa chopanda onga. Chipolopolo chotero chimasiya njere itatsakamira mumpope, ndipo chotsatira chake chikhoza kuphulitsa mfuti. Pa makina a ntchito imodzi, munthu amandandalika zigoba zonse pa kathabwa ndi kusuzumira chimodzichimodzi asanaike njere.

Odziwika mwa makina otere ndi Rock Chucker a kampani ya RCBS. Kampaniyi adaiyambitsa Fred Huntington mu 1943 ku Oroville, m'chigawo cha California, nthawi imene nkhondo idasowetsa njere m'masitolo, iye nayamba kusula zida zopangira njere zake.

Pamwamba pa makinawo pamamangidwa zikombole zachitsulo, zimene eni ntchito amati die. Pafupifupi makampani onse amadula mazinga ofanana, 14 pa inchi iliyonse, pa chitsulo chonenepa 7/8 ya inchi, kotero kuti chikombole cha Lee, Redding kapena Hornady chimalowa m'makina a RCBS popanda vuto. Chimene sichisinthanitsika ndi mkati mwake, chifukwa mtundu uliwonse wa chipolopolo uli ndi chikombole chake. Zipolopolo za .308 Winchester ndi .30-06 Springfield zimalandira njere zonenepa mofanana, ndipo kachitsulo kogwira chigoba kutsinde ndi kamodzi komweko, koma chigoba choyamba ndi chotalika mamilimita 51 pamene chinacho ndi 63. Wogula awerenge dzina lolembedwa pa mpope wa mfuti yake, ndipo dzina lomwelo alipeze pa bokosi la zikombole.

Zigoba zokhala ndi khosi ngati botolo zimafuna zikombole ziwiri. Choyamba chimafinya chigoba chimene chidafufuma poomba kuti chibwerere mwakale, nichotsanso primer yakupsa. Chachiwiri chimakhazika njere pa muyeso wake. Zigoba zoongoka, monga za .45-70, zimafunanso chachitatu chotsegula kukamwa pang'ono. Pali chikombole china chongofinya khosi lokha, chimene ena amachitama kuti chimasunga chigoba nthawi yaitali. Zipolopolo zake zimangoyenera mfuti yomwe idaziomba poyamba, ndipo pakapita nthawi zimayamba kulimba polowa. Mlenje amene mfuti yakana kutseka nyama ili patsogolo amadziwa kuwawa kwake. Woyamba atenge chofinya chigoba chonse.

Pali tinthu tina ting'onoting'ono timene sitisiyidwa. Chigoba chakhosi chikalowa m'chikombole chosadzozedwa mafuta ake chimakanirira, ndipo kuchitulutsa ndi ntchito ya tsiku. Mkuwa umatalika pang'onopang'ono ukamaombedwa ndi kufinyidwa, choncho pamafunika choyezera chotchedwa caliper, chotha kuwerenga gawo limodzi mwa magawo 1,000 a inchi, pamodzi ndi kachida kodulira kukamwa kwa chigoba. Chigoba chotalika mopitirira chimapana njere m'mfuti, mphamvu nikwera mosayembekezeka. Magalasi otchinjiriza maso nawonso ndi ofunika poika primer.

Zigoba zongotola zimafuna kuunikidwa mkati. Zokhala ndi kabowo kamodzi pakati ndi za mtundu wa Boxer, ndipo ndizo zimayenerana ndi zikombole zimenezi. Zokhala ndi timabowo tiwiri ndi za mtundu wa Berdan, zofala m'zipolopolo zakale za asilikali a ku Ulaya, ndipo zimathyola kasingano kochotsera primer.

Munthu wogula buku, sikelo, makina a ntchito imodzi, zikombole ziwiri zoyenera ndi choyezera akhoza kutha madzulo onse pa zipolopolo 20 zokha. Kuona maso a nkhono nkudekha. Chilichonse mwa zipolopolo zimenezo adzakhala atachiyeza ndi kuchiona ndi maso ake, nalemba pa bokosi mtundu wa onga, muyeso ndi tsiku, asanachiike pafupi ndi nkhope yake.